Tsiku Limene Mlendo Wathu Anabwerera Osadya

Abale ndi alongo, Ambuye akhale nafe tonse masana ano. Manjawo sungani, musandiombere, chifukwa simunamve chimene ndinachita. Ine ndine Lusiano Kamtedza, kwathu ndi konkuno ku Bembeke, kuseri kwa mishoni. Ambiri mumanditchula kuti aphunzitsi, pakuti ndinagwira choko zaka zambiri ndisanapume. Ena munali ndi dzina lina limene munkanong'onezana ine ndikadutsa, ndipo sindikukuimbani mlandu.

Ndaima pano ndili wokwiya. Chandikwiyitsa ndi bodza limene lafala m'dziko muno chiyambire pamene tinavotera zipani zambiri, aliyense n'kusanduka wabizinesi. Bodza lake ndi lakuti malonda sapsa popanda botolo. Ndikuona muno abambo amene mwayamba maulendo a ku Lilongwe ndi ku Blantyre ndi kabichi, tomato ndi nyemba, ndipo ndikudziwa kuti mawu amenewo akuuzani kale. Ine ndinawamvera. Imvani kumene anandifikitsa.

Mukukumbukira mmene mavenda ankatichitira. Ankabwera ndi malole awo ndi matumba aja osokerera chiguduli pamwamba, thumba limodzi lomeza matumba awiri, mtengo n'kutchula okha. Ukakana, ankaliza lole n'kupita kwa mnzako. Titatopa nazo, mabanja a m'midzi itatu tinapanga kalabu ya alimi a mbatata ya kachewere. Wapampando tinasankha mayi Filomena, mayi wamasiye amene dimba lawo linkaposa la mwamuna aliyense kudera kwathu. Tinagwirizana kuti munthu mmodzi azipita kutauni kukakumana ndi ogula enieni: a m'mahotela, a m'masukulu ogonera konko, ndi okazinga tchipisi. Munthuyo anali ine. Chimene anandisankhira ndi Chingerezi ndi jekete, basi. Kalabu inkandipatsa ya basi ndi ina yoti ndikadyetse wogula, poti munthu sukamba naye nkhani yaikulu ali ndi njala.

Ulendo woyamba ndinakumana ndi bambo wina wogulira zakudya hotela ina ku Lilongwe. Pofuna kusamala thukuta la alimi, ndinapita naye pa kalesitilanti ka kuseri kwa depoti, ka mabenchi, beseni losamba m'manja limodzi anthu onse, ntchentche zikuchita phwando. Bamboyo anayang'ana benchi, anayang'ana thalauza lake, n'kuseka.

"Aphunzitsi, ngati mbatata yanu ikufanana ndi malo ano, pepani."

Anapita osakhala pansi n'komwe. Manyazi amene ndinamva tsikulo ndiwo anatsegula khomo la zonse zotsatira, chifukwa ndikudikira basi padepoti paja ndinakumana ndi Mizeki. Anali mkulu wansapato zonyezimira, wosadziwika kumene amagwira ntchito, amene ankati amalumikiza ogula ndi ogulitsa. Nditamufotokozera, anandigwira paphewa.

"Achimwene, wogula saona mbatata, amaona mpando umene mwamukhazikapo. Tiyeni ndikakuonetseni kumene mabwana amapangira zinthu."

Anandifikitsa pamalo ena chakunja kwa tauni. Dzina sinditchula. Panali mpanda wa njerwa, tinyumba ta udzu, nyimbo zogonthetsa m'khutu, bala yaikulu, ndi chiwaya cha nyama ya nkhumba pachipata penipeni. Sabata yotsatira ndinaitanira kumeneko bambo wina wokhala ndi ziwaya za tchipisi zambiri m'tauni. Iye anaitanitsa mowa, ine ndinaitanitsa chakumwa choziziritsa kukhosi. Anandiyang'ana modabwa.

"Inu simumwa? Ndiye ndikukhulupirirani bwanji?"

Ine mwana wa katekisiti, munthu waimvi, mowa sindinkaudziwa kukoma kwake. Ndinamwa botolo limodzi. Bamboyo anagula matumba khumi, ndipo nditafika kumudzi amayi analuluta nthungululu ngati ndabwera ndi mkwatibwi. Mumtima ndinati Mizeki ndi mneneri.

Kutsetsereka kwake sindichedwa nako, chifukwa ena mwa inu mukukudziwa kuposa ine. Botolo limodzi linakhala atatu. Poyamba ndinkamwa poperekeza wogula, kenako ndinayamba kufunafuna wogula woti ndimwere. Malo odyera sindinkawasankhanso poganizira mlendo. Ndinkasankha kumene mowa umazizira bwino, ndi kumene operekera zakudya ankandithamangira kuti, "Bwana afika!" Mizeki ankabwera ndi anzake, aliyense n'kumutchula kuti wogula wamkulu. Ogula amenewo, abale anga, sanagulepo mbatata ngakhale yokwana m'chipewa. Ankang'amba nkhuku, ankatafuna kanyenya, ankanditama kuti ndine munthu wotsogola, ndipo ine ndinkatupa ngati chule. Chimene ankadyacho chinali cha amayi amene ankadzuka m'chisanu cha June kukathirira ndi ndowa, zala zitauma. Pofika mwezi wachisanu wa maulendowa ndinali nditayamba kulowa kwa ophika kachasu kumudzi konkuno, ine amene ndinkaletsa makolo a ana asukulu zomwezo. Akazi anga, anaNgozo, akayankhula ndinkawauza kuti za m'tauni sangazimve.

Kenaka kunabwera kalata yochokera ku Limbe. Wolemba anali mayi Jafali, amene ankaperekera zakudya kumasukulu angapo ogonera konko, komanso anali ndi malo odyera awoawo. Anamva za kalabu yathu ndipo ankafuna mbatata sabata ndi sabata mpaka nyengo ithe. Anati adzakhala ali ku Lilongwe tsiku lakutilakuti, ali ndi maola awiri okha masana, ndisankhe malo tikakumane, ndipo ndibweretse mbatata aione. Ogula otere ndi amene tinapangira kalabu. Ine ndinawayankha m'Chingerezi chozama, chodzionetsera, n'kutchula malo a Mizeki aja.

Ndinaima pamsonkhano n'kunena kuti, "Kumbani! Oda ndi yathu kale."

Mayi Filomena anakayika. "Aphunzitsi, sitingadikire mubwereko kaye? Mbatata ili pansi siwola."

"Lole ikabwera isatipeze tikukanda nthaka ngati nkhuku," ndinawayankha choncho, anthu n'kuseka. Anayamba kukumba.

Mayi Filomena anayenda dimba ndi dimba kusankha mbatata yokaonetsa, imodziimodzi, yosalala, yopanda bala la khasu. Anaipukuta, anaiika m'kathumba, anasoka okha pakamwa pake. M'mawa wa ulendo anaNgozo akundipatsa jekete anandifunsa mofatsa.

"Bambo, mlendoyu dzina lake ndi Jafali. Mwafunsa zimene amadya?"

"Inu za bizinesi munaziphunzira kuti?" Ndinawakalipira choncho n'kutuluka. Mayi amene sanapitirire sitandade faifi anaona chimene mphunzitsi sanaone.

Tinapangana nthawi ya nkhomaliro, koma ine ndinafika dzuwa lisanatenthe n'komwe. Mizeki anali pomwepo ndi anzake anayi. Tinati tingotsuka kukhosi podikira. Mabotolo anayamba kudzaza tebulo. Kenaka Mizeki anagunda kathumba kaja ndi nsapato.

"Achimwene, munthu ungagulitse bwanji chinthu chimene sunalawe? Apatseni a pachiwaya atikazingire."

Ndinaseka. Ndi manja anga awa ndinamasula ulusi umene mayi Filomena anasoka, ndi manja anga awa ndinapereka kathumbako. Mbatata yosankhidwa m'madimba a midzi itatu inakazingidwa m'mafuta a nkhumba, n'kudyedwa ndi anthu amene sadziwa kumene khasu limagwiridwa.

Nthawi itakwana ndendende ndinaona mayi wamfupi ataima pachipata, atavala mpango woyera wofika m'mapewa, kope ndi cholembera zili m'manja. Utsi wa pachiwaya unkawapita kumaso, ndipo anaphimba mphuno ndi nsonga ya mpango. Anaima pamenepo kanthawi. Ndikuganiza kuti ankayembekezera kuti asokera. Kenaka anabwera.

"Ndinu bambo Kamtedza?"

Poimirira ndinagwetsa mpando. "Takulandirani amayi! Khalani, khalani, pano ndi pakwanu!"

Anakhala m'mphepete mwa mpando, chikwama chili pamiyendo. Mizeki anakuwa kuti, "Apatseni amayi kozizira!"

"Zikomo bambo, sindimwa."

Wina anawakankhira mbale ya nyama ija. Anabweza manja awo pachifuwa. "Zikomo, imeneyo sindidya."

Pamenepo munthu wanzeru akanapepesa, n'kunyamuka nawo kupita kwina. Ine ndinati, "Amayi, muli m'dziko laufulu tsopano, aliyense amadya chimene akufuna!" Anzanga aja anafa nacho chiseko. Mayiwo sanaseke, sanakwiyenso. Anatsegula kope.

"Mbatata yanu ndi yamtundu wanji, yofiira kapena yoyera?"

"Yonse ilipo, amayi, yonse!"

"Pa sabata mungakwanitse matumba angati osaphonya?"

"Alionse amene mungafune!"

"Yaikulu ndi yaing'ono mumasiyanitsa bwanji? Nanga lole yofika nayo ku Limbe apeza ndani?"

Mayankho onsewo ndinkawadziwa, abale anga, tinakambirana kukalabu. Koma m'mutu munali phala lokhalokha, ndipo nyimbo zinkachititsa kuti azibwereza funso lililonse kawiri. Pomaliza anati, "Chabwino, ndioneni mbatatayo."

Ndinayang'ana pansi pamene panali kathumba kaja. Mizeki analoza mbale yamafuta imene munatsala tizidutswa titatu, n'kunena kuti, "Ndi imeneyo mayi, tailawa kale, ndi yabwino zedi."

Mayi Jafali anayang'ana mbaleyo, anandiyang'ana ine, anatseka kope lawo.

"Bambo Kamtedza, ine ndadzuka m'bandakucha, ndasiya ntchito zina kuti ndidzaone mbatata. Kodi munandiitanira mbatata, kapena munandiitanira kudzaona inu?"

Sanadikire yankho. Anatuluka osamwa ngakhale madzi. Mizeki anati, "Asiyeni achimwene, azimayi otere ngovuta, ogula ndi ambiri," n'kuitanitsa mabotolo ena. Ndipo ine ndinakhala, n'kumwa.

Kumudzi ndinapeza mbatata itaunjikidwa milumilu m'mbali mwa msewu, itafunditsidwa udzu. Ndinawauza kuti zonse zayenda bwino, lole ikubwera Lachinayi. Lachinayi litadutsa ndinati yawonongeka panjira. Kenaka kunagwa chizimalupsa, mvula ija yoyamba, dzuwa n'kuwomba pambuyo pake. Mbatata ya pamwamba inayamba kubiriwira, ya pansi inayamba kuchucha madzi. Fungo lake linkafika mpaka pachitsime. Anthu ankasinthana kulondera milu ija, akutchera khutu kulira kwa lole iliyonse yokwera chitunda, ine ndikudutsa cha kuseri kupita kokamwa.

Apa ndipo ndikufuna ndiyende pang'onopang'ono.

Lamulungu titatuluka m'mapemphero, mayi Filomena anaitanitsa msonkhano pakhonde la tchalitchi chathu chaching'ono cha kumudzi. Amuna anakhala pamiyala, amayi pansi, anaNgozo ali pakati pawo. Mayi Filomena anamasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa envulopu.

"Kwabwera kalata ya ku Limbe. Yalembedwa dzina langa, koma ili m'Chizungu. Mwina akutiuza za lole. Aphunzitsi, tiwerengereni."

Inali m'Chingerezi chifukwa ine ndinayamba kuwalembera m'Chingerezi. Msampha ndinautchera ndekha. Ndinaitsegula, maso anathamanga mpaka pansi. Munali zonse.

Tsono mvetsani chimene chinali patsogolo panga. Pakhonde paja panalibe wina woti akanaiwerenga. Ndikanatha kunena kuti mayiwo akudwala, kapena kuti masukulu atsekedwa, n'kupinda kalata n'kuiika m'thumba la jekete. Bodza linali litafika kale palilime, lokonzeka bwino. Ndinatsokomola, ndinapukuta magalasi, ndinatsokomolanso. Palibe amene ankandikayikira. Nkhope zonse zinkandiyang'ana ngati ana a sitandade wani tsiku loyamba.

Mayi Filomena anati, "Musafulumire aphunzitsi, werengani zonse bwinobwino. Ife maso athu ndinu."

Sananene mondipinga. Ananena moona mtima, ndipo n'chifukwa chake mawuwo anandithyola. Zaka zonse zija ndinkaima kutsogolo kwa ana a anthu omwewa, kuwakwapula akanama. Ndinayang'ana anaNgozo. Iwo okha ndiwo anali atazolika, chifukwa iwo okha ankadziwa fungo limene ndinkabwera nalo kunyumba.

Ndinawerenga, ndikumasulira chiganizo ndi chiganizo. Mayi Jafali analemba mwaulemu kuti akupepesa sagula mbatata yathu. Anati anafika pamalo ndi panthawi imene anauzidwa, anapeza nthumwi yathu italedzera pakati pa anthu oledzera, pamalo pamene iwo sakanatha kudya kapena kumva mawu. Anati mbatata yokaonetsa inali itakazingidwa n'kudyedwa iwo asanafike. Anamaliza ndi kunena kuti akulemba chifukwa nawonso anakulira pakhasu, ndipo sakufuna kuti alimi azidikira lole imene sidzabwera.

Nditamaliza ndinatsitsa kalatayo. Kenaka mkulu wina, bambo Benedikito, anavula chipewa n'kuchimenyetsa pansi.

"Masabata awiri! Masabata awiri tikugona pamsewu, iwe ukudziwa!"

Munthu amene moyo wake wonse ankanditchula kuti aphunzitsi ananditchula kuti iwe, ndipo anali ndi ufulu wonse. Ena anaimirira kuti andigwire. Mayi Filomena anatambasula dzanja, anthu n'kubwerera. Anatenga kalata m'manja mwanga, anaipinda, n'kunena motsitsa mawu.

"Mbatata ija ndinaipukuta ndi chitenje changa cha ku Misa."

Ndi zokhazo zimene ananena kwa ine. Chikhala anandimenya, bwenzi nditapepukidwa. Udindo anandichotsa pomwepo. Mawa lake mavenda omwe tinkawathawa aja anabwera, anasankha imene inali isanawole, anadzaza matumba awo aatali aja, mtengo n'kutchula akuseka. Yotsala inakathera kudzala.

Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinasiya mowa tsiku lomwelo, koma ndabwera kudzanena zoona. Ndinamwa kachasu masiku atatu otsatizana. Lachinayi ndinakwera basi kupita kwa Mizeki, poganiza kuti mnzanga andipezera wogula wina ndikonze zinthu. Ndinamupeza patebulo lomwe lija, ndi anzake omwe aja. Pampando umene ndinkakhala ine panali bambo wina wajekete, wochokera ku Ntcheu, kabichi woonetsa ali pambali pake, akutupa monga ndinkatupira ine. Woperekera zakudya amene ankandithamangira uja anandifunsa kuti, "Mukufuna ndani?" Mizeki sanaimirire n'komwe.

"Achimwene, lero tili pamsonkhano ndi bwana. Mudzabwere tsiku lina."

Mkwiyo umene ndinamva pachipata paja sunandichokebe, ndipo sindikufuna undichoke. Anthu amenewa ndi nkhupakupa. Amadikira padepoti munthu wakumudzi amene wachita manyazi, amamupatsa dzina la bwana, amayamwa mpaka atauma, n'kusamukira pa wina. Ndipo ng'ombe yopusa imene inkaimika mwendo kuti nkhupakupa zikwere bwino ndinali ine. Ndinafuna kuchenjeza bambo wa ku Ntcheu uja, koma anandiyang'ana monga ndikanamuyang'anira ine miyezi iwiri m'mbuyomo. Ndinabwerera kwathu osamwa kanthu, ndipo kuyambira tsiku limenelo mowa sunalowenso m'kamwa mwanga.

Tsono kwa inu amene muli m'dzenje lomweli, ndinatuluka chonchi. Choyamba ndinauza anaNgozo zonse, osasiyako, ndipo ndinawapempha kuti akandiona ndikulowera njira ya kokachasu azindiitana ndi dzina pamaso pa anthu. Anachitadi kawiri, ndipo manyazi ake anandithandiza kuposa mankhwala. Sabata yoyamba manja ankanjenjemera moti kapu ya tiyi ndinkaigwira ndi manja awiri. Ndinakalapa kwa bambo mfumu, wansembe wathu, ndipo iwo anandiuza kuti kulapa kwa m'tchalitchi sikudzala mbatata, ndipite kwa amene ndinawalakwira. Ndinayenda khomo ndi khomo m'midzi itatu. Ena anandilandira, ena anandisiya chiimire pabwalo. Bambo Benedikito anangondipatsa khasu, ine n'kulowa m'dimba mwawo. Nyengo yonse yotsatira ndinasenza manyowa ndi kuthirira m'madimba a anzanga, jekete ili pamsomali. Mayi Jafali ndinawalembera kawiri kupepesa, m'Chichewa. Sanayankhe.

Mbatata ina itakhwima, mayi Filomena ananditumizira mawu kuti ndipite kwawo. Anati analembetsa kalata kwa sisitere wina wa kumishoni, ndipo mayi Jafali avomera kukumana nawo ku Limbe.

"Woyankhula ndine. Inu mukasenza thumba ndi kundionetsa misewu. Malo odyera mukasankhe ndinu, popeza mukudziwa kale malo osayenera."

Ulendo umenewo ndiwo unandiphunzitsa ntchito imene ndinkadzitama nayo osaidziwa. Tisananyamuke ndinapempha kuti m'kalata yotsimikiza tsiku afunsemo chimene mlendo amadya ndi chimene sadya. Funso lachidule chonchi silichotsa ulemu wa munthu, limauwonjezera. Tinafika tsiku limodzi msanga, mayi Filomena anakagona kwa mchemwali wawo, ine kwa mphwanga. M'mawa ndinayenda wapansi kuzungulira malo odyera apafupi ndi kumene mlendo amagwira ntchito, kuti asavutike ndi ulendo. Paliponse pamene ndinaona bala ndinadutsa. Pamene wailesi inkaposa mawu a anthu ndinadutsa. Pena ndinalowa, ndinapempha kuona kukhitchini ndi kuchimbudzi, mwini wake anakwiya, ndinadziwa kuti pali chobisa. Malo achinayi anali a mayi wina wachikulire, matebulo asanu ndi limodzi, nsalu zoyera, madzi osamba m'manja othira ndi jagi. Ndinafunsa amene amazinga mbuzi ndi nkhuku zawo, anandiuza kuti amagula kwa Asilamu ndipo nkhumba siilowa m'miphika mwawo. Ndinaitanitsa tiyi, n'kukhala pakona kuona ngati chakudya chimachedwa ndiponso ngati anthu awiri angamvane osakuwa. Kenaka ndinapempha tebulo la pawindo, powala, poti munthu aone mbatata bwino. Sanali malo odula ayi. Analinso osachititsa manyazi. Pakati pa benchi la kudepoti ndi bala ya Mizeki pali malo ambiri abwino, abale anga, kungoti amafuna miyendo ndi mutu wosaledzera.

Mayi Jafali anafika panthawi yake. Atandiona anaima pakhomo.

"Bambo awa abweranso?"

"Abwera kudzasenza thumba, mayi," anatero mayi Filomena. "Chaka chino chatha osalawa dontho. Ndikanakhala ndikukayika, sindikanayenda nawo."

Ndinagwada pansi pomwepo, pamaso pa anthu akudya, ndinapepesa. Mayiwo anati, "Dzukani bambo, ndinu aakulu." Anakhala, anasamba m'manja, anadya mpunga ndi nyama ya mbuzi mpaka kumaliza. Atatha anatsegula kope lomwe lija, mafunso omwe aja, ndipo mayi Filomena anayankha lililonse osaphethira. Ine ndinamasula thumba. Mlendo anatenga mbatata imodzi, anaidula ndi mpeni wa patebulo, anaiyang'ana m'kati, n'kugwedeza mutu movomera. Anayamba ndi oda yaing'ono yoyesera, ndipo ananena poyera kuti makalata onse azipita kwa mayi Filomena, osati kwa ine. Sindinadandaule. Mpaka lero lole ya ku Limbe imakwera chitunda chathu nyengo iliyonse, ndipo ntchito yanga m'kalabu ndi kusoka matumba.

Mwina mukuganiza kuti nkhani yathera pabwino, tiimbe nyimbo. Dikirani. Pali chinthu chimodzi chimene mayi Filomena sanandiuzepo, ndinachita kumva kwa akazi anga patapita nthawi. Chaka chimene mbatata inawola, mwana wawo wamkazi, Anastaziya, anali atasankhidwa kupita ku sekondale. Ndinamuphunzitsa ndekha mwana ameneyo, masamu ankawamwa ngati madzi, ndipo ankati adzakhala namwino. Fizi yake inali m'milu ija ya pamsewu. Sanapite. Malo ake anapatsidwa wina, chaka chinacho anakwatiwa, ndipo pano ali ndi mwana kumbuyo.

Mwezi wathawu ndinamupeza pamphambano ya msewu waukulu, ali ndi ndowa za mbatata, akuthamangira mabasi pamodzi ndi amayi anzake. Ndinafuna kudutsa chozemba, koma anandiona. Anagwada mwaulemu monga ankachitira kusukulu.

"Aphunzitsi, mwaswera bwanji? Gulaniko mbatata, ndikuikirani basera."

Ndinagula ndowa imodzi, ngakhale kunyumba inalipo yodzaza nkhokwe. Anatola zina zitatu zazikulu n'kuwonjezera pamwamba, akumwetulira. Ndinasenza ndowayo mpaka kunyumba, ndipo sindinasenzepo katundu wolemera chotero.

Mulungu anandikhululukira, alimi anzanga anandilandiranso, mlendo wathu anadya. Koma Anastaziya sadzavala yunifolomu ya unamwino, ndipo palibe kugwada kwanga kumene kungasinthe zimenezo. Ndiye wina akadzakugwirani paphewa padepoti n'kukuuzani kuti botolo limodzi la pabizinesi silipweteka munthu, musatsutsane naye. Bwerani naye kuno, ndikamuimike pamphambano paja, akanene mawu amenewo mwana uja akumva.